Tulo ta Bambo Elifala

Lolemba, 10 Juni 2024

Kuzizira. Fumbi njira yonse ya ku Dzoole. Wodwala mmodzi wochokera kuchipatala chaching'ono: Bambo Elifala, zaka 64, mlimi wa fodya, TB kawiri m'mbuyomu. Mapapo otha. Befu, milomo yakuda. Ndawapeza ali pa okosijeni wa malita 10.

Mu ambulansi ndawaika kachubu ka kamakina katsopano kaja, koyeza CO2, mpweya woipa umene munthu amatulutsa popuma. Munthu wabwinobwino amakhala pa 35 mpaka 45. Iwo 63. Mapapo otere ukawapatsa okosijeni wambiri, mpweya woipawo umaunjikana m'magazi, munthu amayamba kuodzera, kenako kupuma kumachepa mpaka kuleka. Zili m'mabuku, si nzeru zanga. Ndatsitsa kufika malita awiri. Pofika pa Mponela kamakina kakuonetsa 54, maso atatsegula, akufunsa ngati mabelo awo alowa ku okushoni.

Kuwodi wolandira anali Sista Abigail, okhaokha pa odwala 40. Ndatchula manambala onse mwadongosolo. Iwo amamva akusaka mtsempha pamkono wa wodwala wina. Fomu ilibe malo olembapo CO2, ndiye ndalemba m'mphepete. Anangoti, "Chabwino a Festus, agonekeni pa bedi 9."

Lachiwiri, 11 Juni

Ndadzera kuwodi titatsitsa mayi woyembekezera. Bedi 9: masiki ya okosijeni, malita 8. Kachipangizo ka pachala koyeza okosijeni kakuonetsa 99, aliyense wakondwa. Akazi awo, Mayi Marita, andipatsa moni ndi manja awiri. "Agona bwino lero, koyamba m'masabata atatu."

Si tulo timeneto. Ndawatsina paphewa, kungobuula. Ndathamangira kamakina kugalimoto. 78.

Sista Abigail ali pa ofu. Namwino wa lero sanamve kanthu. Fomu yanga ili pansi pa fayilo, yopindika pomwe ndinalembapo. Dokotala ali ku thiyeta. Ndadikira mphindi khumi, kenako ndatsitsa ndekha kufika pa awiri, Mayi Marita akuyang'ana dzanja langa. Sindinawafotokozere. Dave, dalaivala wathu, ankaliza hutala panja, ngozi ya kabaza pamsewu waukulu.

Lachitatu, 12 Juni

Sista Abigail andiitanira m'kachipinda ka mankhwala. Osakweza mawu.

"Ntchito yanu imathera pakhomo la wodi. Kamakina kanuko sindinakaphunzire, ndipo muno mulibe. Ine ndili ndi ka pachala, kakatsika pa 90 achibale amayang'ana ine, osati inu."

Ndinayamba kufotokoza za mapapo. Anandidula. "Lolemba munanditchulira manambala asanu ndi awiri ngati mukuwerenga zotsatira za mayeso pawailesi. Munanena kuti munthuyu tulo timupha?"

Ndaganizira tsiku lonse. Ndinati 63, ndinati 54. Ndinkayesa ndanena.

Komabe Sista anamva. Adula pulasitala, alemba MALITA AWIRI OKHA, amata pa silinda ya okosijeni. Madzulo Bambo Elifala anakhala tsonga, amwa tiyi theka la kapu, akuti shuga wachepa. 57.

Lachisanu, 14 Juni

Ku Ntchisi tsiku lonse. Tayala laphulika pachitunda, jeki yobwereka kwa a lole ya chimanga. Kuwodi sindinafike.

Machubu a kamakina atsala atatu. Amagwira kamodzi, kenako kutaya. Kustolo ya chipatala, nditapempha ena, afunsa kuti ndilembe dzina la machubuwo papepala, aliyang'ana, andibwezera.

Loweruka, 15 Juni

Silinda inatha dzulo masana. Anabweretsa ina, pulasitala inapita ndi yakale. Ndapeza malita 10.

Namwino wa dzulo akuti anasiya pa awiri. Mayi wodikirira wodwala pa bedi 8 wandinong'oneza kuti anakweza ndi Paulo, mwana wawo wamkulu, amene wafika kuchokera ku Lilongwe. Anamva kwa mayi ake kuti wa ambulansi amabwera kudzamana bambo mpweya. Ndi mphunzitsi, munthu waulemu. Anaona 89 pachala, nafuna kuthandiza.

91 pa kamakina. Kuwatsina, osabuula n'komwe. Tatsitsa, koma mochedwa. Akufunika makina opumitsa munthu. Kumene kuli makinawo ati bedi kulibe. Sista Abigail aimba katatu ndi mayunitsi awo.

Chubu chimodzi chapita kungotsimikiza zimene ndimadziwa kale.

Lolemba, 17 Juni

Anamwalira dzulo, 9:40 m'mawa, anthu akulowa m'tchalitchi. Pa khadi alemba chibayo.

Lero ofesi yapereka ambulansi yathu kuti inyamule maliro kupita ku Dzoole. Pakhomo la nyumba yachisoni Mayi Marita anagwira manja a Sista Abigail nthawi yaitali, kuthokoza kuti anayesetsa. Atandiona ndikutsegula chitseko chakumbuyo analeka kulira.

"Uyo ayi. Anatseka mpweya ine ndikuona."

Sista Abigail anafuna kuyankha. Ndinawapukusira mutu. Zoona zake zikanagwera Paulo, ndipo Paulo anali atanyamula kumutu kwa bokosi.

Dave wapita yekha. Ine ndatsala pabenchi la alonda mpaka galimoto itabwerera, fumbi lokhalokha.

Lachitatu, 19 Juni

Banja lalemba kalata yodandaula. Kalembedwe kabwino, ka mphunzitsi. Mawa 10 koloko ndikaonekere kwa akuluakulu, ndikafotokoze chifukwa chimene ndinagwirira silinda ya muwodi. Kamakina ati ndikasiye kuofesi mpaka nkhani ithe.

Manambala onse ndili nawo, tsiku ndi ola. Akuonetsa bwinobwino kuti kutsitsa kunawadzutsa, kukweza kunawagoneka. Ndikangowaika patebulo, funso lotsatira likhala lakuti anakweza Lachisanu ndani.

Ndinena kuti sindinalipo.