Fosholo Imagona M'mwamba

Okondedwa achemwali,

Moni kwa inu ndi alamu uko ku Zambia. Kuno ku Mualadzi tili bwino, ndipo Zefa chifuwa chija chinamusiya.

Ndikulemba mofulumira, wotenga kalatayu akunyamuka. Sabata yatha mtima unali m'mwamba. Bambo a Zefa akuyendetsabe kamakina ka fosholo kutsogolo kaja, kokonzera msewu wa asilikali. Kapitawo akayeza olyo, mafuta a m'makinamo, m'mawa ankapeza wachepa, akathira wina, mawa lake wachepanso. Basi anati bambo a Zefa akugulitsa olyoyo kwa anyamata a m'tchire, zigawenga zija, n'kuwatsekera.

Mekaniko atabwera pakhomo pathu, pomwe kamakinako kamagona, anakwawa pansi pake, osapeza podontha. Anandifunsa, "Mayi, fosholoyi imagona m'mwamba chonchi?" Ndinayankha, "Eya, amaikweza dala kuti ana asamaseweremo." Iye anaseka n'kuitsitsa, olyo n'kubwerera yense m'thanki. Akuti ikakhala m'mwamba, olyo amatsalira m'mikono yake.

Bambo a Zefa anawatulutsa dzulo. Msana ndi wotupa poti anawamenya, koma akudya ndipo ayambanso nthabwala zawo. Ati kuyambira lero fosholo izigona pansi, ana ndiziwathamangitsa ndine.

Mukapeza munthu, mutitumizireko mankhwala opaka mabala. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Rozina