Kaneti pa Paipi ya Mpweya

Lachitatu, sabata yoyamba ya mvula. Tsiku loipa.

Masiku atatu ndinakhala pansi pa mtengo, laputopu pamiyendo, kuphunzitsa galimoto yoonetsa alendo nyama kupuma. Chiikireni paipi yaitali yokokera mpweya, ija yowolokera madzi, sensa yoyeza mpweya inali kunamiza injini. Ndiye ndinasintha manambala onse mu pulogalamu mpaka injini inayamba kulira bwino. Ndinafika podziombera m'manja ndekha.

Lero m'ma 16 hours galimoto yazima pakati pa njovu, alendo asanu ali pamwamba. Mayi mmodzi walira. Yachita kukokedwa ndi thirakitala mpaka ku loji yathu ya Chinzombo.

Ndafunsa Ba Zulu, dalaivala wathu, ngati anagwirapo kanthu. Ati, "Iyayi, aphunzi, ine ndangochotsa kaneti." Kaneti kati? Kani anamanga chidutswa cha neti ya udzudzu kukamwa kwa paipi kuti inswa zisalowe, ndipo m'mawa uno achimasula poti inswa zatha. Ndiye kuti masiku onse aja ndinali kuyeza mpweya wosefedwa ndi neti. Zaka zonse zija ku yunivesite, koma osakweza maso n'kamodzi komwe kuyang'ana pamwamba pa galimoto.

Ati, "Ndikabwezeretse?" Sindinaseke.

A manijala sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Angoti Lachisanu kubwera makaniko wa ku Chipata kudzandithandiza. Amene ndinalowa m'malo mwake nayenso anathandizidwa chomwechi.

Akazi anga, Amake Tisa, sindinawauze. Akusita yunifomu yanga ya mawa, akuimba.