Ndinaiwala Dzina Langa ku Sikelo

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Joniko pamodzi ndi alamu? Kuno ku Lirangwe tili bwino. Amayi miyendo yawaleka kupweteka, ndipo Tamanda wanga wakwanitsa miyezi itatu.

Koma achemwali, mutu wangawu ukundiopsa. Lachiwiri ndinapita ndi mwana ku sikelo. Ndinamusiya ndi apongozi pansi pa mtengo, ine n'kukaima pamzere. Anesi anaitana "Esinati" katatu konse, ine n'kumacheuka kufunafuna mwini dzinalo, mpaka mayi wina anandigwira paphewa: "Amake Tamanda, si inuyo kodi?" Ine ndemwe, amene ndinkasunga pamtima nyimbo zonse za kwaya.

Tili pomwepo, ana ambirimbiri akulira ndi jakisoni, ndinamva kulira kumodzi kochokera kunja kwa mpanda. Ndisanaganize n'komwe, mkaka unali utanyowetsa bulauzi, ine ndikuthamanga kale. Analidi Tamanda. Nyerere inali itamuluma kuseri kwa khutu, apongozi osaiona.

Ndinafunsa anesi ngati imeneyi ndi misala ikuyamba. Anaseka, amvekere: "Ayi mayi, mukabereka ubongo umasinthadi, umaika mwana patsogolo. Kusowa tulo kukungowonjezerapo." Koma ine mpaka lero ndidakali kakasi.

Kodi inunso zinakuchitikirani mutabereka Yamikani? Mundiyankhe msanga, koma amayi musawauze, angandinyamulire kwa asing'anga. Ndipo mukamandiimbira foni muzinditchula Esinati, chifukwa kuno palibenso amene akunditchula choncho.

Mulungu azikusungani.

Ine mng'ono wanu,
Esinati