Buku la a Stefano Silituluka

Okondedwa achimwene a Kizito,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bembeke kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukuwalola kufika kutchalitchi ndi kuzizira kumeneko? Ine kuno ku Blantyre m'thupi muli bwino.

Ntchito yandithera. Lolemba abwana anatiitana n'kutiuza kuti kampani yasiya kusindikiza mabuku a nkhani m'Chichewa, itsala ndi a sukulu okha, choncho mkonzi ngati ine sakufunikanso. Ndinangoti zikomo. Ndinatenga kapu yanga ndi zolembera zanga zofiira n'kukakwera minibasi. Sindinalire, ndipo mpaka lero misozi sinabwere. Ndikudya, ndikugona, basi.

Alembi amene ndinawalera akhala akundiimbira foni. Tiwonge, mtsikana uja anabwera ndi nkhani yake m'kope la sukulu, amene pano mabuku ake akuwerengedwa pa wailesi, anati pakadapanda ine bwenzi akugulitsabe kaunjika. Ndinkamumva ngati akunena za munthu wina amene anamwalira kale.

Koma chimene ndalembera kalatayi ndi a Stefano, aphunzitsi opuma aja a ku Lobi. Buku lawo lonena za moyo wa malemu akazi awo takhala tikulikonza limodzi nthawi yaitali. Ndinkawabwezera kuti alembenso, iwo osadandaula, maso akuwavuta chomwecho. Linangotsala pang'ono kupita kumakina. Tsopano silituluka. Chonsecho anauza kale anzawo a kumphakati kuti Khirisimasi ino aligwira m'manja.

Ndayesa kuwaimbira, koma foni ikangoyamba kuitana ndimadula. Nkhani yotere siyenera pafoni, komanso ine mawu andithera. Chonde achimwene, mupeze tsiku mupiteko. Mukayambe mwakhala nawo pansi. Mukawauze kuti bukulo ndi labwino, cholakwa si chawo, ndipo mapepala awo onse ndili nawo kunyumba, sindinawasiye ku ofesi. Akakafunsa ngati pali kwina kumene ndingalipereke, musakawanamize. Mukanene kuti sindikudziwa.

Amayi musawauze kaye za ntchitoyi, ndidzawauza ndekha ndikadzabwera nthawi yokumba kachewere.

Mupereke moni kwa amayi, alamu, azakhali a ku Kasina ndi ana onse. Mukabwerako ku Lobi mundiuze zimene akayankhe, musachotsepo kanthu ngakhale zikhale zowawa. Mwina zimenezo ndiye zingandilowe mumtima.

Ndine mlongo wanu,
Dorika