Chifuwa cha Mlendo

Lolemba, 3 Juni

Kuzizira koopsa. Mayunitsi a magetsi athanso. Ndi hita ya Mlendo imeneyo, yoyaka usana ndi usiku. Anthu tikugona ndi majuzi, mbalame ili pa hita.

Kusaluni makasitomala anayi okha. Mmodzi wafunsa kuti chinkhwe chija chinapita kuti. Ndati chili kunyumba. Sindinamuuze kuti ngongole yake ndikubwezabe.

Ndilembe pano kuti ndidzawerenge tsiku limene misala idzandiyambenso. Ine, mayi wamkulu ndi nzeru zanga, ndinagula chinkhwe cha kunja, chotuwa, cha mchira wofiira, pa mtengo wofanana ndi lendi ya saluni ya miyezi isanu. Kasitomala wina wolemera ankasamuka, anati akundigulitsa motchipa. Ine m'maso n'kuona kale anthu akujambulitsa nacho pakhomo pa saluni yanga. Chikomekome cha mkuyu. Chinangokhalamo milungu iwiri, n'kuyamba kupuma movutikira. Dokotala wa ziweto anandikalipira ngati kamwana: "Sipuleyi ya tsitsi ndi mapapo a mbalame sizigwirizana, mayi. Mukufuna kuchipha?" Tsiku lomwelo ndinachisamutsira kunyumba, kuchipinda kwa Ababa, poti ndi kumene kumalowa dzuwa ndipo mazenera ake amatseka bwino.

Dzina la Mlendo anapereka ndi Ababa. Ati mlendo ndi mame. Dokotala akuti mame amenewa amakhala zaka makumi asanu.

Lachitatu, 5 Juni

Chakudya cha Mlendo chatha. Kapaketi kosadzaza dzanja, mtengo kuposa nyama yathu ya mlungu wonse. Theka amadya, theka amamwaza pansi akundiyang'ana ndi diso limodzi. Chipongwe chenicheni.

Koma Ababa. Ndikamawerengera zowonongekazi ndimadzitonthoza ndi iwo. Chimwalirireni Amayi anali atangokhala duu, munthu amene anayendetsa mabasi a maulendo ataliatali zaka makumi atatu pakamwa posatseka. Maso anafooka, panja satulukanso okha. Tsopano ndikamadutsa pakhomo pawo ndimamva akusimbira Mlendo za tsiku limene mabuleki anakana pamtsetse. Mpaka kuseka. Chiseko chimenecho ndinali nditachiiwala.

Chatsopano: Mlendo waphunzira kutsokomola. Kulira kwa foni anatha kale, belu la pakhomo anatha kale, lero chifuwa cha Ababa chenicheni, mpaka kakhweru kaja kakumapeto. Ndaseka misozi mbwee. Ndajambula pafoni, makasitomala amakonda zoterezi.

Loweruka, 8 Juni

Tsitsi la akwati ndi operekeza asanu ndi mmodzi. Miyendo yatupa. Ndalama yabwino, koma yalowera ku ngongole isanatenthe m'manja.

M'mawa ndikutuluka Ababa andiitana. "Ukapeza mpata, mwana wanga, undiperekeze kwa dokotala. Pachifuwa pakulemera." Ine makiyi m'manja, chikwama paphewa. Ndawayankha ndili pakhomo kuti mawa.

Mawa ndi Lamlungu. Sindinaganize n'komwe.

Lachitatu, 12 Juni

Mlendo wayamba kudzizula nthenga pachifuwa. Padazi ngati nkhuku yosadzulidwa bwino. Ndatseka saluni theka la tsiku, ndaitana dokotala wa ziweto kunyumba konkuno. Ndalama ya kubwera kwake payokha, ya mankhwala payokha, ya zidole zoti mbalame izisewera nazo kuti isasungulumwe payokha. Zidole! Ine ndinakula ndi chidole chimodzi cha nsanza.

Asanapite anapititsa chala pazenera, n'kutiwonetsa. Fumbi loyera ngati paudala. Akuti limachokera m'nthenga, mtundu umenewu umatero. Anafunsa kuti amagona muno ndani. Anati anthu ena fumbi limeneli limawavuta m'chifuwa, tizitsegula mazenera, kapena tigule makina oyeretsa mpweya. Mazenera, mbalame izizidwa. Makina ndafunsa mtengo, ndangoseka.

Ababa anayankha msanga, ine ndisanatsegule pakamwa: "Chifuwa changa chinakulira utsi wa dizilo, dokotala. Paudala wa mbalame angandichite chiyani?" Dzanja lawo lili pakhola.

Ndinaseka nawo. Zinandipepukira.

Lachisanu, 14 Juni

Ndili kukhitchini, chifuwa kuchipinda, chachitali. Ndaitana kuti, Ababa? Ati, "Si ine, ndi Mlendo uyu." Madzulo chimodzimodzi, yankho lomwelo.

Mbalame yaluso bwanji.

Za dokotala sanatchulenso. Mwina apeza bwino. Nthenga za Mlendo zayamba kumera.

Lachinayi, 20 Juni

Mng'ono wanga wabwera mosayembekezereka, ali paulendo wa kuntchito, angogona masiku awiri. Tili m'khonde la m'kati, chifuwa chayamba. Iye waima. Ine n'kumuuza monyadira kuti usadandaule, ndi chinkhwe icho, chimawatsanzira. Anangotsegula chitseko.

Mlendo ali pamtengo wake, mtedza kuphazi, mlomo wodzaza, akutafuna mosatekeseka. Ababa atawerama pamphepete pa bedi, thaulo kukamwa kuti zisamveke kwambiri.



Pambuyo pake, kukhitchini, chitseko chotseka, anandifunsa motsitsa mawu, ndipo bola akanakuwa: "Mbalameyi mwapita nayo kwa dokotala kangati, achemwali? Nanga bambo anu?"

Katatu. Ndi kamodzi komwe ayi.

Anandiwonetsa lamba wawo. Mabowo awiri atsopano, oboola ndi msomali. Ndimachapa mathalauza amenewo ndine. Ndimadziwa kulemera kwa Mlendo chifukwa ndimamuyeza pasikelo Loweruka lililonse monga anandiuzira dokotala.



Lachisanu, 21 Juni

Chipatala. Masitepe asanu a pakhomo anakwera mopumira kawiri. Ndinali ndisanawaonepo akukwera masitepe chaka chino. Ndikanawaonera kuti.

Ajambulidwa pachifuwa, atengedwa magazi. Awagoneka, chipaipi cha mpweya m'mphuno. Dokotala, mayi wachete wa magalasi, anafunsa ngati timaweta nkhunda kapena nkhuku. Ababa anangoyang'ana kudenga. Ndinayankha ndine. Anafunsa kuti chifuwa chinayamba liti, iwo ati posachedwapa. Bodza. Febuluwale. Ndikudziwa chifukwa ndi mwezi umene anayamba kundipempha kuti ndiwaperekeze kwa dokotala.

Akuti mapapo atupa ndi fumbi la nthenga, ndipo mbali ina yachita zipsera. Kutupa kutha ndi mankhwala. Zipsera sizibwerera. Ndinafunsa funso lopusa, loti tikanabwera msanga bwanji. Anavula magalasi, n'kunena kuti tisamalire zimene zatsala.

Mbalame ichoke. Osati kuchipinda china, ichoke m'nyumba. Makatani, matiresi, bulangeti, zonse zichapidwe kapena zitayidwe. Ngakhale nthenga imodzi isatsale.

Ndinachichotsa kusaluni kuti ndipulumutse mapapo ake. Ndikulemba chiganizo chimenechi kuti ndichione ndi maso.

Lolemba, 24 Juni

Mng'ono wanga anawonjezera masiku awiri, lero wabwerera kuntchito. Wasiya ndalama patebulo. Ya chipatala siyinakwane, ndagulitsa dulaya imodzi youmitsira tsitsi ya kusaluni, yabwino ija.

M'nyumba ine ndi Mlendo. M'mawa ndikusita, chifuwa kuchipinda. Ndataya simbi n'kuthamanga. Bedi loyala, mbalame ikundiyang'ana. Miyezi yonseyi sindinathamangepo, lero ndathamangira chinkhwe. Ndachitukwana. Kenako ndachisendera apozi, chalakwa chiyani.

Ogula kulibe. Amene amafunsa amafuna kujambulitsa nacho basi. Wina wapereka mtengo wa nkhuku zinayi. Ndiye palinso chiphaso chake, kusintha dzina la mwini n'kolipira.

Kuchipatala Ababa safunsa za mapapo awo. Amafunsa ngati Mlendo wadya, ngati ndikumufunditsa nsalu madzulo, ngati hita ikuyaka. Lero andigwira dzanja: "Usamugulitse, mwana wanga. Iye akhale m'chipindamo, ine ndizigona pabalaza." Ndati tiona.

Ndawafunsa chifukwa chimene ankanamizira mbalame. Ati anamva zimene ananena dokotala wa ziweto, anadziwa kuti ndikadziwa ndimuchotsa. "Ndiye ndizilankhula ndi ndani?"

Sanali kundinena. N'chimene chikundiwawa.

Lolemba, 1 Julayi

Mlendo wapita. Wagula mwini hotela ina kuseri kwa msika waukulu, akufuna kumuika polandirira alendo. Mwamuna wa mawotchi awiri, foni ili m'mwamba kuyambira pageti. Ndamufotokozera za fumbi, za mazenera, za sipuleyi, za mtengo wa chakudya. Amangoti eya, eya, akujambula. Nkhope imeneyo ndikuidziwa, ndinkaiona pagalasi la kusaluni.

Wapereka zosafika theka la zomwe ndinagulira, khola ndi hita ndi zidole zonse momwemo. Zapita kuchipatala tsiku lomwelo. Ngongole ya mbalame yatsala miyezi inayi. Ndizilipira chinthu chimene chili pahotela ya eni.

Pokwezedwa m'galimoto analira ngati foni. Ndinagwira m'thumba.

Madzulo onse kukolopa. Fumbi pamwamba pa kabati, kuseri kwa chithunzi, m'nsapato. Madzi m'ndowa oyera ngati mkaka. Muno ndi mmene bambo anga ankapumira, zenera lotseka, chifukwa ndinawauza ine kuti asamatsegule.

M'matumba a jekete yawo, mtedza. M'kabokosi momwe amasungamo baji yawo ya udalaivala ndi chithunzi cha Amayi, nthenga zofiira zisanu ndi ziwiri, zomanga ndi ulusi. Dokotala anati ngakhale imodzi. Ndinaima nazo pa bini ya zinyalala nthawi ndithu. Ndazikulunga m'pulasitiki, zili m'dilowa ya kusaluni.

Sindinawauze.

Loweruka, 6 Julayi

Atuluka. Tabwera ndi makina a mpweya obwereka, kulipira mwezi ndi mwezi. Ndawalumikiza pa soketi yomwe inali ya hita. Amadya magetsi chimodzimodzi.

Polowa m'chipinda anayang'ana pakona. Pansi pali zizindikiro zinayi za miyendo ya khola, ndinakwecha koma sizinachoke. Ndinali nditakonzeka kukalipiridwa, ndinkafuna n'kufuna. Iwo anangokhala pabedi, n'kukonza chipaipi m'mphuno. "Mlendo ndi mame," basi.

Ndatseka saluni mofulumira, Loweruka lathunthu, ndakhala nawo. Ndati mundisimbire za mabuleki aja pamtsetse. Ati anaiwala. Ndatsegula wailesi, ati ikusokosa. Takhala choncho, makina akuti fuu, fuu. Ine ndi bambo anga sitidziwa kucheza. Ndazindikira lero, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.

Zenera lotsegula. Avala majuzi awiri.

Lachiwiri, 9 Julayi

Sindinapite kusaluni, mankhwala atsopano akuwachititsa chizungulire. Masana foni, mwini hotela uja, waukali. Akuti ndinamugulitsa mbalame yodwala, ikungotsokomola, ndimubwezere ndalama zake. Ndamuuza kuti sikudwala, ikutsanzira munthu. Waseka. Akuti ndiye kuti china chija ndi sewero lomwelo. Ndati chiti.

"Chikatsokomola chimadziyankha chokha, ndi mawu achizimayi. Alendo akufa nacho chiseko. Dikirani mumve."

Ndinamva mapazi ake, phokoso la anthu, wina akuchinyengerera. Kenako chifuwa cha Ababa, chachitali, ndi kakhweru kake. Kachete pang'ono. Kenako ine.

"Mawa, Ababa, mawa."

Mawu anga enieni. Okoma, othamanga, a munthu amene makiyi ali kale m'manja. M'nyumba muno Mlendo sanawanenepo ine ndikumva. Dokotala wa ziweto anandiuza kalekale kuti mbalamezi sizigwira mawu omva kamodzi, zimagwira zimene zimamva tsiku ndi tsiku.

Kumbuyo anthu kuseka, wina akuti chibwereze, chibwereze. Mwini hotela akuti ndalama zisiyeni, mbalameyi ndi chuma. Akufunsa kuti mayi ameneyo ndi ndani.

Ndadula foni.

Zaka makumi asanu, anatero dokotala. Ababa adzakhala kulibe, ine ndidzakhala kulibe, iye akunenabe polandirira alendo, anthu akuseka.

Lendi ya makina Lachisanu. Ngongole Lolemba. Kukaonana ndi dokotala wa Ababa, wovala magalasi uja, pa 16, ndalemba padzanja, pakhoma, pa galasi la kusaluni. Mawa ndikufuna ndiwafunse ngati

Akutsokomola. M'nyumba muno mulibe mbalame.