Muwanga wa pa Chitunda

Lolemba, 13 Ogasiti 2001

Kumudzi. Sukulu tatsekera. Mphepo ya Ogasiti, fumbi mpaka m'mano.

Atate ndawapeza pakhonde akuswa mtedza. Ng'ala maso onse awiri, chaka chachinayi tsopano. Anandizindikira ndisanayankhule. "Naphiri, umakoka phazi lamanzere ngati amayi ako."

Madokotala a maso abwera kuchipatala cha pa boma. Mawa kukapimitsa. Mlongo wanga Lameki anati awakweza pa njinga mpaka pa Kamwendo pokwerera minibasi. Akana. "Ine sindine thumba la feteleza." Ndiye tiyenda pansi, njira yachidule, maola awiri.

Lachiwiri, 14 Ogasiti

Tinanyamuka dzuwa likutuluka. Ine patsogolo, iwo pambuyo, ndodo pakati pathu. Koma wotsogolera anali iwo. "Apa pali chulu, khotera kumanja." Chulu chinalipodi. "Mchenga uwu, tafika padambo." Mapazi awo amawerenga njira ngati kalata.

Njira yanga ya utsikana. Kuchigayo, dengu pamutu, mame m'miyendo. Lero mapesi okhaokha ndi fungo la lupsa. Ulalo wa mitengo iwiri ukadalipo. Anawoloka osagwedezeka, wozengereza ndinali ine.

Kenaka pachitunda. Anaima, anavula chipewa. "Muwanga wathu ulipo?"

Mtengo umene anakumaniranapo ndi amayi. Iwo mnyamata, akuchokera ku Fort Jameson, kutsidya kwa malire, wapansi. Amayi atatula nkhuni pamthunzi, akupuma.

Ndinayang'ana. Chitsa chokha, chakuda ndi moto. Lameki anaudula zaka zitatu zapitazo, nkuotchera njerwa.

Ndinati ulipo.

Anafunsa za masamba. Ndinati ayamba kuphuka, ofiirira. Anafunsa za nthambi yoloza kum'mawa, ndinaibwezera pamalo pake. Ndinaikaponso njiwa ziwiri. Sindikudziwa kuti njiwazo zinachokera kuti. Tinakhala pansi pa mtengo umene kulibe, iwo akumwetulira.

Kuchipatala akuti apala diso lakumanja Lachiwiri likudzali. Akuti adzaona.

Lachinayi, 16 Ogasiti

Adzaona. Ndiyenera kukondwa. Ndakondwa ndithu. Koma chitsa chija.

Ndinamuuza Lameki. "Ndiye mukufuna ndikaumate ndi ulimbo, achemwali?" Anaseka, kenaka kuseka kunamuthera pakamwa. Akuti naye amawauza kuti ulipo. Mlamu Stelia chimodzimodzi. Banja lonse kusamala mtengo wam'malere. Nzeru yake ndi yakuti pobwerera adzawadutsitse kumsewu waukulu pa njinga, asadzaone.

Amayi anamwalira chaka chomwe maso a atate anayamba chifunga. Kumanda munthu sapitako chisawawa. Chithunzi palibe. Chimene anatsala nacho ndi mtengo uja basi.

Masana ndinasinza kuseri kwa nkhokwe. Ndinalota njira yonse ili ndi mitengo yake, misuku, mitondo, mthunzi kuchokera pakhomo mpaka pa Kamwendo. Amayi patsogolo ndi mtolo wa nkhuni, osacheuka. Ndinkathamanga koma osawapeza. Ndinadzuka nkhuku ikujompha chala changa.

Lolemba, 20 Ogasiti

Tadutsanso. Akukagonekedwa lero.

Ndinakonzeka kuwauza. Mawu ndinawayala bwinobwino kuyambira padambo. Titafika pachitunda anavula chipewa nkuyamba nkhani ya nsapato. Akuti tsiku lija anazimanga zingwe nkuzikoleka m'khosi kuti zisathe, iwo akuyenda chosavala. Amayi anaziyang'ana nkufunsa, "Nsapatozo zikudwala kodi, kuti muzizinyamula?" Anzawo kuseka mpaka kugwetsa nkhata. Atate akuti anazivala pomwepo, matuza mlungu wathunthu.

Anaseka mpaka misozi kutuluka m'maso oyera aja. Ndikanayambira pati?

Anafunsa za njiwa. Ndinati zilipo.

Kamvuluvulu anadutsa m'munda mwa wina, atanyamula makoko a chimanga. Ndinamutsatira ndi maso mpaka anasungunuka. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mphunzitsi wathunthu, ana a eni ndimawakalipira akanama.

Lachitatu, 22 Ogasiti

Amasula bandeji m'mawa uno.

Anaphethira kanthawi. Anayang'ana zenera, manja awo, kenaka ine. "Naphiri, wakuthira ufa kumutu ndani?" Imvi zanga. Maso awo anandisiya ndili ndi tsitsi lakuda.

Anawerenga kalendala yapakhoma mokweza, manambala onse, odwala anzawo akuwombera m'manja. Ine ndinatuluka panja. Ndinalira kuseri kwa thanki ya madzi, theka chimwemwe, theka mantha.

Lachisanu, 24 Ogasiti

Pa Kamwendo anaima ngati mwana. Magolosale atsopano, nsalu za zipani zamitundumitundu, malole aatali olowera kumalire. Chilichonse kufunsa. Lameki anabwera ndi njinga, atamanga pilo pakaliyala. Atate anaiyang'ana, anamuyang'ana iye. "Wanenepa. Tsogola, ukauze Stelia atereke madzi." Lameki anandiyang'ana ine. Anapalasa.

Ndodo lero anagwira okha.

Chodabwitsa: anasochera kawiri. Maso ankafuna nkhalango, nkumapeza zigafa za fodya ndi minda. "Njira si imeneyi." Kenaka ankatsinzina, nkupondaponda pansi, mapazi nkuwauza. Njira ndi yomweyo.

Tinakwera chitunda. Kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.

Anaima pachitsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anachisisita pamwamba ngati mutu wa mdzukulu.

Ndinangoti, "Atate, ine..."

Anavula chipewa nkudzimenya pamutu. "Naphiri, dazi ili linalibe ng'ala. Zaka zitatu ndikuvula chipewa pano, dzuwa likundiwotcha. Ukuganiza kuti mthunzi ndinauiwala?"

Ndinafunsa kuti nanga ankafunsiranji.

"Aliyense ankandipatsa mtengo wake. Wa Lameki unali waufupi, wopanda masamba, ankangoti ulipo, tiyeni. Wa Stelia unali ndi njuchi, kuti tisakhalitse. Wako ndiye unali mtengo. Unaposa ndi weniweni uja."

Za Lameki akuti nyumba ya njerwayo akugonamo ndi iwo omwe, mvula siwanyowetsa. Amayi akanamukalipira mwezi umodzi, kenaka nkusesamo.

Anakhala pachitsapo, ine pansi. Dzuwa pamutu pa tonse awiri. Kutali wina akuimba mluzu, kapena ndi mphepo chabe m'mapesi. Anatseka diso latsopano lija ndi chikhatho.

"Tandiuza, njiwa zija zilipo?"

Ndinayang'ana kumwamba, pamene panali nthambi yoloza kum'mawa.

Ndinati lero zilipo zitatu.