Kompyuta Yafika pa Loji Yathu

Lachinayi. Mwera wawomba tsiku lonse, nanenso mtima sunakhale m'malo.

Lero kompyuta yafika pa risepishoni pathu kuno ku Senga Bay. Abwera nayo ndi a Mwale, katswiri wa ku Lilongwe. Akulumikiza mawaya, anandiuza kuti makompyuta oyamba ankadzaza chipinda chonse, ndipo ena anapangidwa pa nthawi ya nkhondo ku Ulaya kuti aziwerenga mauthenga achinsinsi a adani. Akuti mmodzi mwa akatswiriwo anadzagwidwa ndi apolisi a dziko lake lomwe.

"Nanga iyi imamva zimene tikulankhula?" ndinafunsa.

Anaseka. "Ayi mayi, ilibe makutu. Koma chimene mwaiuza siiwala."

Amuna anga anatengedwa pa bala nthawi ya chipani chimodzi chifukwa cha nthabwala chabe, ndipo mpaka lero sanabwerere. Anthu akuti zinthu zasintha, ano ndi matipate, munthu azilankhula zakukhosi. Koma amene ankapereka anzawo aja sanafe ayi, ena timakumana nawo pogula usipa.

Abwana anati ndiyese kulembamo dzina langa. Ndinalemba la bambo anga, la ku ukwati ndinalisiya.

Mawa akuti ndilowetsemo mayina a antchito onse ndi midzi yawo. A Saidi a kukhitchini, amene anakhalapo m'ndende masiku aja, anandiimitsa pageti. "Achemwali, inenso mundilembamo?"

Ndikakana ntchito yatha, ndikavomera ndiye kuti ine ndi amene ndikhale wopereka anzanga...